Mwini Mkodzo wa M'botolo la Seveni

Pa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zomwe Kingston Mwalwanda anagwira ntchito yaupolisi ku Mzuzu ndi ku Karonga, anafufuzapo milandu ya ng'ombe, ya njinga zamoto, ngakhale ya bokosi la maliro lomwe linasowa pa shopu ya kalipentala. Koma mlandu wa mkodzo anali asanakumanepo nawo. Unamupeza ku Dubai, Loweruka m'mawa, ali m'kaofesi ka alonda ku Jebel Ali, akuviika chapati cha paratha mu tiyi wamkaka wa karak.

Kingston anali mkulu wa alonda pa kampani ina yogula ndi kugulitsa zitsulo zakale. Dzulo lake, Lachisanu, pamalopo panali chipwirikiti. Lole yonyamula zitsulo kuchokera m'shedi yachinayi itafika pa geti lalikulu, makina oyezera rediyeshoni analira ngati mwana wolumidwa ndi mavu. Akatswiri a boma anabwera atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi ndipo anatseka shediyo. Pansi pa mulu wa zitsulo anapeza chipangizo chakale cha ku fakitale chitasweka, ufa wake woopsa wotchedwa siziyamu utamwazika ngati mchere. Anthu khumi ndi anayi omwe anali pa shifiti anawayeza thupi lonse, kuwasambitsa ndi kuwapatsa zovala zina. Kenaka aliyense anamupatsa kabotolo kuti akodzemo. Madzi amachotsa za pakhungu, anatero akatswiriwo, koma zomwe munthu wameza kapena kupuma zimaululika ndi mkodzo.

Foni inalira. Anali Jessie Tembo, mtsikana wa ku Chipata amene ankagwira ntchito mu labu ya chipatala komwe anapita nawo mabotolo aja. Iye ndi Kingston ankadziwana chifukwa cha mpira. Timu ya Malawi ikagonja, woyamba kuimba foni ankakhala Jessie.

"Ba Sajeni, lelo si za bola," anatero Jessie m'Chinyanja chake cha ku Zambia. "Bwelani ku chipatala manje manje. Ba Lefitenanti Saeed ba polisi bali pano, bafuna munthu wokamba na banthu banu mu chitundu chao."

"Wina wapezeka nazo?"

"Eya, wapezeka nazo. Koma alibe."

"Mukuti chiyani, achemwali?"

"Bwelani muone mweka."

* * *

Makina a Jessie anali ngati mbiya yaikulu ya mtovu yokhala ndi chivundikiro chokoka. Iye anaikamo kabotolo, natseka, ndipo patapita mphindi zisanu pa kompyuta panaoneka mzere woyalana ngati msewu wa ku Abu Dhabi.

"Uyu ni mkodzo wa munthu wabwino bwino," anafotokoza. "Mabotolo khumi na atatu yali so. Manje onani iyi."

Anaikamo kabotolo kena kolembedwa nambala seveni. Mzere unayamba moyalana, koma pakati unatumphuka n'kupanga kaphiri kosongoka.

"Kaphiri aka ni siziyamu. Ikangena mu mimba, thupi iyesa ni mchere wabwino, iitenga kuipeleka mu minofu. Ichoka pang'ono pang'ono na mkodzo. Tikamupeza msanga munthu, pali mankhwala yoikoka kuti ichoke. Tikachedwa, ikhala mukati miyezi, ikumuocha."

"Seveni ndi ndani?"

Amene anayankha anali Lefitenanti Saeed, wapolisi wamtali wa ndevu zometedwa bwino, yemwe anali atatsamira khoma. Ankalankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chiarabu.

"Maxon Namaona, mlonda wanu wa pa geti laling'ono."

Kingston anapukusa mutu. "Sizingatheke. Geti laling'ono lili theka la kilomita kuchokera ku shedi. Maxon sachoka pampando pake ngakhale njoka italowa m'kanyumbamo."

"Mwanena zoona, habibi, bwenzi langa. Tamutenga m'mawa uno. Amuyeza thupi lonse ndi makina, mulibe kanthu. Wakodzanso pamaso pa nesi, mkodzo uli bwino. Ndiye kuti wa dzulo uja sunali wake. Pali munthu amene akuyendayenda mu Dubai muno ali ndi poizoni m'mimba, ndipo mwina sakudziwa."

Saeed anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha zidutswa za chipangizo chija zitayalidwa pa pepala la pulasitiki.

"Vuto lachiwiri ndi ili. Akatswiri alumikiza zidutswa zonse, koma chimodzi chikusowa. Chivundikiro chachitsulo, chokuya ngati chikho, cholemera makilogalamu asanu ndi limodzi. Kamera ya kumbuyo kwa shedi inakwiririka ndi fumbi, sikuonetsa kanthu. Abwana anu akuti pali mbava. Mnyamata wanuyu ndamufunsa kwa ola lathunthu, akungoti yes sir, no sir."

Kingston anatembenukira kwa Jessie. "Palibenso china chachilendo mu mkodzomo?"

Jessie anaseka pang'ono. "Chiliko. Shuga yambili, mpaka tinayesa ni matenda ya shuga. Na kununkhila. Ba Sajeni, nagwila nchito iyi zaka seveni, sin'namvepo mkodzo wonunkhila chinanazi."

"Chinanazi?"

"Chinanazi cheni cheni."

Kingston anakanda chibwano. Kenaka anapempha kuti amuonetse komwe kunali Maxon.

* * *

Maxon anali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi wa ku Thyolo, woonda, wa makutu otambalala. Anakhala m'mphepete mwa bedi atapinda manja ngati ali m'kalasi la katekisimu. Ataona Kingston anadzuka mwachangu n'kuchita sawatcha.

"Khala pansi, mphwanga. Wadya?"

"Ayi bwana. Eya bwana. Andipatsa buledi, bwana."

"Dzulo unakodza m'botolo?"

"Ndinakodza bwana. Ndikulumbira pali mayi anga ku Bvumbwe."

"Mayi ako uwasiye agulitse kabichi mumtendere. Unakodzera kuti?"

"Ku chimbudzi, bwana."

"Chiti?"

"Cha kuseri kwa kantini."

"Munali anthu ambiri?"

"Ayi bwana, ndinali ndekha. Ndinakodza bwinobwino, mpaka ndinasamba m'manja ndi sopo."

Kingston anamwetulira. Chimbudzi cha kuseri kwa kantini chinali chokhoma kuyambira Lachitatu chifukwa paipi inaphulika, ndipo kiyi wake anali m'thumba mwake mwa Kingstonyo. Sanamuuze. Pa ntchito yaupolisi anaphunzira kuti bodza limafuna kulipatsa mpata kuti likule kaye, lizidzagwa lokha.

"Vala nsapato," anatero. "Tikupita ku ntchito. Achemwali a Jessie, tengani kachipangizo kanu kolira kaja mutiperekeze."

* * *

Nthawi inali itakwana hafu leveni pamene galimoto ya Saeed inaima pa kantini ya kampani. Dzuwa linali litalusa kale, phula likununkha. M'katimo Chrissy Kachingwe, mayi wa ku Ndirande amene ankaphikira antchito, anali akusenda anyezi uku akuimba nyimbo ya kwaya. Chrissy ankadziwa zonse za pakampanipo: yemwe wakangana ndi mkazi wake pa foni, yemwe akufunsira ntchito kwina, yemwe amabisa mazira m'chipewa.

"Eee, a Sajeni! Mwabwera ndi boma lonse? Khalani pansi, ndikupatseni madzi. Iwe Maxon, wachira? Ndinamva kuti ukuwala mumdima ngati chiphaniphani!"

"Mayi Chrissy," Kingston anadula, "dzulo madzulo, pamene anthu ankalandira mabotolo, munali kuti?"

"Pawindo apa, nanga n'kukhalanso kuti? Zinthu ngati zimenezo munthu n'kuziphonya? Amuna akuluakulu khumi ndi anayi ali pamzere, aliyense kabotolo m'manja ngati ana a sikelo! Ndinaseka mpaka mpunga unapserera."

"Ankapita kuti akalandira?"

"Ku zimbudzi za ku ofesi, poti chathu chino mwachikhoma inu nomwe. Onse analowera uko, kupatula bwana mkubwa ali apawa."

Maxon anayang'ana kudenga.

"Iyeyu analowera kuti?"

"Ku mabasi. Anayenda chozemba ngati galu woba mazira, kuyang'ana uku ndi uku. Analowa m'basi yoyera ija. Mphindi ziwiri, watuluka, akuimba likhweru, botolo lili lodzaza. Ine ndinati, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma kukodzera m'basi ya a Mkulu Enos, dalaivala wathu wopemphera uja? Mwanayu alibe mwambo."

Kingston anamasulira zonse kwa Saeed. Kenaka anatembenukira kwa Maxon. Anangomuyang'ana. Thukuta linayamba kutsika m'makutu otambalala aja.

"Bwana," anatero Maxon, "mukandithamangitsa, ukwati wanga watha."

"Yamba poyambira."

"Mwezi wamawa ndikupita kumudzi kukakwatira, bwana. Ndiye amalume ananditumizira kaphukusi kudzera mwa mnzanga amene anabwera sabata yatha. Anati ndiyambiretu kutafuna."

"Kutafuna chiyani?"

Maxon ananong'ona.

"Kweza mawu."

"Gondolosi, bwana."

Chrissy anaponya mpeni patebulo n'kugwira m'chiuno, kuseka mpaka misozi. Jessie anabisa nkhope kuseri kwa kachipangizo kake.

"Ndinaopa, bwana," Maxon anapitiriza. "Kuno akakupeza ndi mankhwala mu mkodzo, ndi ndende, kenaka ndege. Nditaona mabotolo aja mtima unangoti phaa. Ndiye ndinakumbuka kuti a Mkulu Enos amasunga botolo pansi pa mpando wa dalaivala. Mukudziwa mmene magalimoto amathinanira pa msewu wa Sheikh Zayed, munthu sungaime. Ndinaganiza kuti m'Jebel Ali muno mulibe mkodzo woyera kuposa wa a Mkulu. Samwa mowa, sasuta, ngakhale tiyi samwa. Ndinangothirako pang'ono, bwana. Wambiri ndinawasiyira."

"Iwe," anatero Jessie akupukuta misozi, "makina yanga siyaona gondolosi. Olo udye mtengo wonse. Yaona chabe rediyeshoni."

Saeed anafuna kudziwa chomwe chinkaseketsa anthu. Kingston anakhosomola n'kufotokoza kuti ndi muzu wa kumudzi wothandiza mwamuna kukhala ndi chilakolako cha chakudya. Saeed anamuyang'ana kwa kanthawi, kenaka anati, "Chakudya. Chabwino, habibi. Yalla, tiyeni ku basi."

* * *

Basi yoyera inali itaimikidwa pamthunzi wa mpanda. Enos Chikafa, bambo wa zaka makumi asanu ndi zinayi wa ku Ntcheu, ndiye ankaiyendetsa, kutenga antchito ku nyumba za kampani m'mawa ndi kuwabweza madzulo. Anali mkulu wa mpingo wa Sabata, choncho Loweruka sankagwira ntchito. Pa mndandanda wa anthu khumi ndi anayi aja panalibe dzina lake chifukwa dalaivala alibe chochita ku shedi.

Jessie anavala magolovesi n'kulowa yekha. Atayandikiza kachipangizo pansi pa mpando, kanayamba kulira, tche tche tche, ngati nkhululu. Anatulutsa botolo lalikulu la pulasitiki n'kulikweza m'mwamba. Pepala lake linali lisanachoke. Linali botolo la Sobo wa chinanazi.

"Chinanazi chanu ndi chimenecho," anatero Kingston. "Akazi awo amawatumizira kuchokera kumudzi. Botolo likatha salitaya, ndipo zikuoneka kuti salitsukanso bwino."

Anaimba foni ya Enos. Inali yotseka. Anaimbanso kawiri, chimodzimodzi.

"Sabata foni amazimitsa," anatero Chrissy, yemwe anawatsatira ali ndi epuloni yake. "Mpaka dzuwa litalowa."

Kingston anayenda mozungulira basiyo akuganiza mokweza. Mageti a kampani anali awiri. Lalikulu, la malole, linali ndi makina oyezera. Laling'ono, lodutsa mabasi, linalibe. Madzulo aliwonse Enos ankaimika basi kuseri kwa shedi yachinayi podikira kuti shifiti ithe. Ndipo Lachinayi chitseko chakumbuyo cha shediyo chinali chotsegula chifukwa cha kutentha.

"Akhoza kutola chitsulocho n'kutuluka nacho popanda cholira," anatero. "Koma munthu ngati a Enos, chitsulo cha makilogalamu asanu ndi limodzi achitenge chantchito yanji? Ndipo ufawo unalowa bwanji m'mimba? Chitsulo sadya."

Anamva kaphokoso kumbuyo kwake. Chrissy anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Kuseka konse kunali kutathawa pankhope pake.

"A Sajeni," anatero pang'onopang'ono. "Chitsulocho n'chokuya? Ngati chikho?"

"Eya."

"Mayo ine. Lachitatu a Mkulu anabwera kudzabwereka makina anga ogayira. Anati alandira mtedza wa chalimbana kuchokera ku Ntcheu, akufuna nsinjiro. Ine ndinakana, makinawo ndi a kampani. Lachisanu m'mawa anadutsa pawindo akumwetulira, akuti, mlongo, Yehova wapereka. Ndapeza mtondo wachitsulo, nsinjiro zake zosalala ngati ufa woyera."

Jessie anaika botolo pansi.

"Anasinja mtedza wambiri bwanji?" anafunsa Kingston.

"Wokwana mpingo wonse. Lero akamaliza mapemphero akudyera limodzi. A Mkulu analonjeza kuti abweretsa mpiru wotendera, anthu akumbukire kumudzi. Pamakhala anthu pafupifupi makumi atatu, a Sajeni. Ndi ana omwe."

"Amadya nthawi yanji?"

"Wani koloko."

Kingston anayang'ana wotchi. Inali itadutsa hafu thwelofu.

* * *

Mpingowo unkakumana m'nyumba ya banja lina la ku Malawi ku Jumeirah Village Circle. Chrissy anali atapitako kamodzi kukasiya keke kwa mnzake Selinah, mayi wolera ana amene ankapemphera komweko. Foni ya Selinah nayo inali yotseka. Chrissy anakhala kutsogolo ngati mlozanjira, Kingston, Jessie ndi Maxon anathithikana kumbuyo, ndipo Saeed anayatsa sairini uku akuitana ambulansi ndi akatswiri aja pa wailesi.

Mseu waukulu anaudula ngati mphezi. Vuto linayamba atalowa m'dera la Jumeirah Village Circle, komwe misewu imazungulira ngati chingwe cha mbuzi pachikhomo ndipo nyumba zonse n'zofanana.

"Kumanja! Ayi, kumanzere! Panali shopu ya maluwa apa."

"Nambala ya nyumba, madam?" anafunsa Saeed.

"Nambala sindiidziwa. Ndi nyumba yachikasu, pakhomo pali mtengo wa kanjedza."

Kingston anasuzumira pawindo. Nyumba zonse zinali zachikasu, ndipo pakhomo lililonse panali kanjedza. Anadutsa shopu imodzi ya mankhwala katatu. Wotchi inati wani koloko, kenaka teni pasiti. Maxon anayamba kupemphera chapansipansi. Kingston ankaona m'maganizo mwake mbale zikuyenda, masipuni akulowa mu poto, amayi akupatsa ana awo kaye monga amachitira amayi.

"Lefitenanti, chepetsani liwiro," anatero mwadzidzidzi. "Tisayang'ane nyumba. Tiyang'ane nsapato."

"Nsapato?"

"Anthu makumi atatu a kwathu akalowa m'nyumba ya kapeti, nsapato zimatsala pakhomo."

Mseu wachiwiri kuchokera pamenepo, Jessie anakuwa. Pakhonde la nyumba ina panali mulu wa nsapato: zachikopa zopolishidwa, zazitali za amayi, tating'onoting'ono ta ana. Nthawi inali twente pasiti wani.

Kingston anatsika galimoto isanaime bwino. Anakankha chitseko n'kulowa.

M'chipinda chochezera anthu onse anali chiimire mozungulira tebulo lalitali, maso ali chitsinzinire. Mapoto anali ovundukula, mbale zili m'manja, koma zonse zinali zoyera. Kumutu kwa tebulo kunali bambo wamfupi wa suti yotuwa, dzanja limodzi lili m'mwamba. Anali a Chiza Gondwe, mkulu mnzake wa Enos, ndipo ankapempherera chakudya.

"...tikumbukirenso abale athu a ku Balaka, Atate, kumene mvula inadula msanga. Tapempherera Chitipa, tapempherera Karonga, tatsika nawo maboma onse a pakati, tsopano tikulowa kummwera. Musaiwale Machinga, Ambuye, ndi Mangochi yemwe..."

Mayi wina pafupi ndi poto wamkulu anali atatsegula diso limodzi, sipuni ili m'manja, ikuyenda pang'onopang'ono kulowera ku ndiwo zotendera. Anali Selinah.

"AMENI!" anakuwa Kingston ndi mawu a pa perete.

Mpingo wonse unayankha "Ameni" ndi chimwemwe chachikulu, maso n'kutseguka. A Chiza anatsala kukamwa kuli yasa, Zomba isanatchulidwe.

"Pepani abale, pasapezeke wokhudza chakudya. Mayi, ikani sipuniyo pansi. Tengani ana mutuluke nawo panja. Pali amene walawa kanthu patebulo pano?"

Onse anapukusa mitu. Jessie anadutsa pakati pawo ndi kachipangizo kake. Pa mpunga kanali chete. Pa nyemba, chete. Atafika pa poto wa mpiru wotendera kanayamba kulira mosalekeza, ndipo anthu anabwerera m'mbuyo mpaka kukhoma.

Bambo wina wamtali, wa imvi m'mbali mwa mutu, anatuluka pagulupo atagwira Baibulo pachifuwa.

"A Mwalwanda," anatero modekha, "ndiwo zimenezo ndaphika ndine. Zalakwa chiyani?"

* * *

Kingston, Jessie ndi Saeed anakhala naye pakhonde podikira ambulansi. Enos anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Atamva za ufa uja anatseka maso n'kuweramitsa mutu.

"Mtondowo uli kuti, abambo?"

"Pansi pa bedi langa, ku nyumba za kampani. Ndinaukulunga m'thumba la mpunga. Ndinautsuka kawiri ndisanasinjire, a Mwalwanda. Munali tinthu toyera m'katimo, ndinayesa ndi mchenga."

"Kutsukako kwakuthandizani," anatero Jessie. "Mwadyako kangati?"

"Lachinayi ndinalawa nsinjiro, supuni ziwiri. Dzulo pophika ndinalawanso mchere. Anzanga a m'chipinda sindinawapatse, ndinati n'za Sabata." Anayang'ana ana omwe ankathamangitsana pa kapinga osadziwa kanthu. "Ana awa akanadya ndi dzanja langa."

"Sanadye," anatero Kingston.

"Sindinabe, a Mwalwanda. Chinali pambali pa mulu, m'fumbi, ngati chotayidwa. Ndinatola." Anayang'ana kwa Saeed. "Koma sindinapemphe. Zimenezo ndivomera pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa bwana wapolisiyu. Nanga mwadziwa bwanji kuti ndine? Ine sanandiyeze."

Kingston analoza Maxon, amene anaima patali akukumba pansi ndi chala cha nsapato.

"Mnyamata uyu anakuberani, abambo."

"Anandibera chiyani? Ine ndilibe kanthu."

Kingston anawerama n'kumunong'oneza. Enos anayang'ana Maxon, kenaka kumwamba, kenaka Maxon kachiwiri. Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Anayesa kudziletsa poti linali Sabata, koma zinakanika. Anaseka mpaka Baibulo linatsetsereka pamiyendo.

"Mwana wanga, bwera kuno. M'zaka zanga zonse ndalalikira kuti usabe. Lero sindikudziwa kuti ndinene chiyani."

* * *

Madzulo a tsikulo mpingo wonse unaima pamzere ku chipatala, aliyense kabotolo m'manja, nesi ataima pakhomo la chimbudzi kuti pasachitikenso zobwerekana. Jessie anayeza mabotolo makumi atatu ndi limodzi, kuphatikizapo a anzake a Enos a m'chipinda, ndipo mizere yonse inatuluka yoyalana. Akatswiri anakatenga mtondo uja pansi pa bedi, anatseka chipindacho ndi kakhitchini kake kwa sabata ziwiri, ndipo poto wa mpiru anamunyamula m'bokosi la mtovu ngati mfumu. Chrissy anadandaula kuti mtedza wa chalimbana wabwinobwino wapita pachabe.

Enos anagonekedwa. Dokotala anati siziyamu yomwe inalowa m'thupi inali yochepa ndipo aipeza msanga. Anamuyambitsa makapisozi a buluu omwe amagwira poizoniyo m'matumbo kuti atuluke, ndipo anamuchenjeza kuti asadzadzidzimuke akaona mtundu wa zomwe zizituluka. Tsiku lililonse Jessie ankayeza mkodzo wake, ndipo kaphiri ka pa kompyuta kankaphwa pang'onopang'ono.

Lefitenanti Saeed anavutika ndi lipoti. Anakhala mu ofesi ya Kingston Lolemba, cholembera chili m'kamwa.

"Habibi, ndili ndi mbava ziwiri. Yoyamba inatenga chitsulo cha m'zinyalala, pang'ono kupha anthu makumi atatu. Yachiwiri inaba chinthu chomwe mwini wake anali atataya kale, n'kupulumutsa anthu makumi atatu omwewo. Ndilembe chiyani?"

"Lembani kuti geti laling'ono lilibe makina oyezera," anatero Kingston, "ndiponso kuti kamera ya kumbuyo palibe amene anaipukuta chiyambire chaka."

Saeed analemba zomwezo. Kampani inaika makina pa geti laling'ono sabata yomweyo. Enos ndi Maxon analandira makalata a chenjezo, koma ntchito sinathe.

Loweruka lotsatira Kingston anapita kukazonda wodwala. Anapeza chipinda chitadzaza ndi anthu a mpingo, ena ataima m'khonde. Enos anali chikhalire pabedi, nkhope ikuwala, akuoneka wathanzi kuposa alendo ake. Nesi anali atanena kuti alendo akhale mphindi khumi zokha. A Chiza Gondwe anaimirira, nakonza tayi, nafunsa mwaulemu ngati angapereke pemphero lalifupi.

Kale anthu akamva mawu amenewo ankayang'anana ndi kuusa moyo. Tsikuli Selinah anawakokera mpando kuti atsamire, wina anawapatsa botolo la madzi, ndipo Enos anatambasula dzanja n'kuwagwira pamkono.

"Musafupikitse, a Gondwe," anatero. "Muyambire pa Zomba pomwe anakudulani. Mutsike nawo bwinobwino mpaka ku Nsanje."